Buku la ku polisi si la apolisi okha

Aliyense womvera nkhani pa wailesi kapena wotsegula Facebook akudziwa momwe mneneri wa polisi amamalizira nkhani yake. Akafotokoza kuti agwira mnyamata woganiziridwa kuti waba injini ya boti, kapena mayi yemwe akuti wapezeka ndi chamba, amatchula dzina lonse, zaka, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lomwe munthuyo amachokera. Nthawi zina pamakhalanso chithunzi: munthu ali chikhalire pansi, unyolo uli m'manja, katundu atamuunjikira pambali. Dzuwa lisanalowe, wa ku Nsanje ndi wa ku Johannesburg yemwe amakhala atamva kuti mwana wa uje wa kwa Fukamapiri ndi mbava.

Tsono mayi ake a mnyamata yemweyo apite pa kaunta ya polisi akafunse zinthu zinayi zokha. Mwana wanga mwamulemba m'buku nthawi yanji? Mlandu wake ndi wotani? Wamugwira ndani? Apita liti kukhoti? Amene anayesapo, kulikonse m'dziko muno, mayankho ake amawadziwa pamtima. Abwana kulibe. Wofufuza watuluka kaye. Fayilo ili ku boma. Mubwere mawa.

Zinthu tazizondotsa. Dzina la munthu yemwe khoti silinamupeze wolakwa, lomwe linayenera kugwiridwa mosamala, tikulimwaza ponseponse. Zomwe boma lachita naye munthuyo kuyambira ola lomwe lamugwira, zomwe zinayenera kukhala poyera, tikuzitsekera m'kabati. Ine ndikuti buku lomwe amalembamo omangidwa litseguke kwa abale, kwa maloya ndi kwa oyendera zitokosi, ndipo mneneri wolengeza kumangidwa kwa munthu akakamizidwe kulengezanso mathero a mlanduwo.

Mawu oti mubwere mawa salemera mofanana kulikonse. Wokhala mu mzinda wa Mzuzu akauzidwa choncho amakwera kabaza n'kubwerera kwawo, mawa n'kudzukanso. Wa ku Chintheche, mlandu ukapita ku boma ku Nkhata Bay, ali ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40 pa msewu wa M5, ndipo wa ku Kande kapena ku Tukombo ndiye awonjezerepo ena. Wa ku Mpamba ali pakati pa boma ndi Mzuzu, moti akapanda kuuzidwa komwe m'bale wake wapita akhoza kukwera galimoto yolowera kolakwika. Nanga wa ku Usisya, kwa M'bwana? Njira zake ndi ziwiri: panyanja, pa boti kapena pa sitima ya Ilala yomwe ikakhala ikuyenda imadutsa kamodzi pa sabata polowera mbali imodzi, kapena msewu wa m'mapiri wopita ku Mzuzu womwe nthawi ya dzinja madalaivala amauopa. Mayi wonyamula kondowole ndi usipa kuti akapatse mwana wake m'chitokosi, poti tonse tikudziwa kuti womangidwa amadalira chakudya cha abale, akafika n'kumva kuti anamusamutsa dzulo, wataya ndalama ya sukulu fizi ya mwana wina. Uthenga womwe ukanatheka pa foni ya mphindi imodzi wamudyera thumba la chinangwa.

Wina anganene kuti ndikupempha zachilendo. Ayi, zonse zili kale m'malamulo athu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe tinayamba kuwatsata mu 1994, likunena kuti womangidwa auzidwe msanga chifukwa chomwe wamangidwira, m'chilankhulo chomwe amamva, kutanthauza kuti kuno kunyanja Chitonga chili ndi malo ake pa kaunta ya polisi. Likunenanso kuti apatsidwe mwayi wolumikizana ndi kuyenderedwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, m'bale, m'busa, dokotala ndi loya. Ndipo likulamula kuti akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likhale ngati maolawo athera pa Sabata kapena pa holide. Malamulo oyendetsera milandu atakonzedwanso mu 2010, anaikanso malire a nthawi yomwe munthu angakhale pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwirira, pokhapokha khoti litawonjezera.

Koma taganizani. Maola 48 amayamba kuwerengedwa liti? Pa ola lomwe lalembedwa m'buku la zochitika pa siteshoni, lija apolisi amalitcha OB, ndi m'kaundula wa m'chitokosi. Ngati wosunga bukulo ndi yemweyo amene malire a maolawo akumukhudza, ndipo palibe wina wololedwa kusuzumiramo, ndiye kuti wosewera ndi woimba wezulo ndi munthu mmodzi. Wogwidwa Lachitatu usiku pa doko akhoza kulembedwa Lachisanu masana, ndipo pa pepala lamulo limakhala latsatidwa bwinobwino. Sindikunena kuti wapolisi aliyense amatero. Ndikunena kuti dongosolo lomwe limadalira mtima wabwino wa yemwe ali pa kaunta tsiku limenelo si dongosolo ayi, ndi mwayi chabe.

Anthu a m'boma la Nkhata Bay ndi omaliza m'Malawi muno ofunika kuphunzitsidwa za zimenezi, poti mbiri yawo ndi yodzaza ndi anthu otengedwa popanda wofotokozera abale. Elliot Kamwana atabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Chintheche ndi Bandawe mu 1908 ndi 1909, atsamunda anamuchotsa osamuzenga mlandu, n'kukamusunga mpaka ku Mauritius ndi ku Seychelles, ndipo anabwerera kwawo mu 1937. Pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza za chiopsezo m'dziko, atsogoleri a chipani cha Congress anagwidwa m'bandakucha n'kutsekeredwa m'sitima ya Mpasa pa doko la Nkhata Bay. Khamu lomwe linasonkhana pa dokopo linali la anthu otsatira anzawo ndi abale awo omwe anali m'sitimamo. Asilikali anawombera. Komiti ya Devlin, yomwe inafufuza za nkhaniyi, inawerenga anthu 20 ophedwa, pomwe eni dera amawerenga oposa 30. Taonani, ngakhale chiwerengero cha akufa sitigwirizana mpaka lero, chifukwa wolemba anali yemweyo wowombera.

Ufulu utabwera, khalidwe lija silinachoke ndi atsamunda. Aleke Banda wa ku Tukombo anatsekeredwa mu 1980 n'kutuluka mu 1992, zaka 12 osaonekera pamaso pa woweruza aliyense. Orton Chirwa, mwana wa boma lino komanso nduna yoyamba ya zachilungamo, anagwidwa ndi mkazi wake Vera mu Disembala 1981, ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Awa ndi omwe maina awo analowa m'mabuku. Anthu wamba omwe anatengedwa usiku ndi a Special Branch kapena a Payoniya, ambiri analibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti analowa liti ndipo anatuluka liti. Bwalo la National Compensation Tribunal lomwe linakhazikitsidwa kuti lipepese ozunzika a nthawi imeneyo linatsekedwa anthu miyandamiyanda asanalandire kanthu, monga momwe Ombudsman Martha Chizuma anaonetsera mu lipoti lake la mu 2017. Olemba gawo 42 ankadziwa chomwe ankathawa. Mlandu suola, koma pepala likasowa, mwini mlandu ndi amene amaola.

Tisanamizane kuti izi zinatha ndi chipani chimodzi. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, yemwe ankaganiziridwa pa mlandu wosowetsa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Zinatengera kupima thupi kwa dokotala Charles Dzamalala ndi kafukufuku wa bungwe la Malawi Human Rights Commission kuti dziko lidziwe kuti anazunzidwa. Pa nkhani ngati imeneyi mafunso amakhala omwe aja: anatulutsidwa m'chitokosi nthawi yanji, anamutenga ndani, anapita naye kuti, anabwerera ali bwanji. Mayankho ake amayenera kukhala m'kaundula. Ngati zoterezi zinachitika mu likulu, komwe kuli atolankhani ndi maloya pakhomo, nanga wogwidwa ku Ruarwe, komwe netiweki ya foni imachita kusakidwa pa chitunda, womuteteza wake ndani kupatula cholembera ndi buku loti wina akhoza kuliwerenga?

Tsopano mbali inayo, yomwe okonda kufuula za ufulu wodziwa zinthu safuna kuimva. Kumangidwa si kulakwa. Mayeso Gwanda anagwidwa mu 2015 ku Blantyre akupita kukagulitsa majumbo m'mamawa, pa mlandu wa vakabu, ndipo mu Januwale 2017 Bwalo Lalikulu linathetsa ndime ya lamulo yomwe anamugwirira ponena kuti ikutsutsana ndi malamulo aakulu. Ndi angati omwe anagona m'zitokosi pa ndime imeneyo zaka zonsezo, popanda chomwe anaba kapena yemwe anamupweteka? Kuno kwathu msodzi amagwidwa chifukwa cha ukonde woletsedwa, mayi chifukwa cha thumba la makala, mnyamata chifukwa mlendo wa ku loji wasowa foni ndipo iye ndiye anali pafupi. Ena amapezekadi olakwa. Ena mlandu umathera pa siteshoni, wodandaula osabweranso. Ena khoti limawamasula. Koma pa intaneti onsewa amakhala akuba mpaka kale. Mwini loji ya ku Kande wofuna mlonda kapena wophika akalemba dzina pa foni, chimatuluka ndi chithunzi cha unyolo chija. Nkhani yoti anamasulidwa siituluka poti palibe anailemba. Wopita ku Joni, ulendo womwe anthu a boma lino anauyamba kale m'masiku a migodi, akhoza kukhala ndi chikalata cha ku polisi chosonyeza kuti alibe mlandu, chodindidwa ndi zala zake, koma bwana wa ku Cape Town akhulupirira zomwe waona pa Facebook.

Ku America anayesa kutsegula zonse mosasankha. M'madera ambiri kumeneko zithunzi za omangidwa zimapezeka kwa aliyense, ndipo panabuka makampani omwe ankazitola n'kuziika pa intaneti, kenako n'kumalipiritsa eni ake kuti azichotse, mpaka maboma ena a zigawo anachita kukhazikitsa malamulo oletsa malonda otere. Imeneyo si njira yoti titengere. Ana nawonso lamulo lathu la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la mu 2010 limawateteza kuti asaululidwe, ndipo ziyenera kutero. Wogwiriridwa, mboni, ndi munthu wotsina khutu apolisi, maina awo asatuluke. Pomwe kafukufuku akadali mkati, zomwe zili mu fayilo ya wofufuza zikhale momwemo. Palibe akupempha zimenezo. Koma ola lomwe munthu walowera m'chitokosi si chinsinsi cha kafukufuku. Dzina la siteshoni yomwe akusungidwa silithawitsa mboni. Tsiku la khoti si chuma cha wapolisi choti mpaka umugulire fanta kuti akuuze.

Ndipo apolisi eni ake, akanaganiza mofatsa, akanakhala oyamba kufuna zimenezi. Dandaulo lomwe limamveka pa msika uliwonse ndi loti wakuba tamupereka dzulo, lero tamuona akumwa tiyi. Anthu samadziwa ngati watuluka pa belo, ngati wodandaula wauthetsa yekha mlandu, kapena ngati umboni wasowa. Poti palibe wawauza, amadzaza okha mpatawo ndi nkhani ya ziphuphu, ndipo wakuba wotsatira samufikitsanso ku polisi, amamufunira tayala ndi petulo. Apolisi amatikumbutsa kawirikawiri kuti belo ya ku polisi ndi yaulere. Chabwino. Njira yotsimikizira zimenezo ndi buku loonetsa kuti uje watuluka pa belo tsiku lakuti, womuimira ndi wakuti, akaonekera kukhoti tsiku lakuti. Wapolisi woona mtima, ndipo alipo ambiri omwe akugwira ntchito m'mayunitsi akutali opanda galimoto ngakhale mapepala okwanira, buku lotere limamutchinjiriza ku miseche. Woopa bukulo ndi yekhayo amene amadya pa mdima.

Zida tili nazo, koma zachita dzimbiri osagwira ntchito. Lamulo la apolisi la mu 2010 linakhazikitsa ndondomeko yoti anthu wamba a m'dera aziyendera zitokosi n'kuona momwe omangidwa akusungidwira. Funsani pa Chintheche kapena pa Mpamba kuti oyenderawo ndi ndani, anayendera liti komaliza, lipoti lawo analipereka kwa yani, muone ngati mupeze wokuyankhani. Lamulo lomwelo linakhazikitsa Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, koma panatha zaka pafupifupi khumi isanayambe ntchito. Bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights mu 2014 linavomereza mfundo za ku Luanda, zomwe zikuti aliyense womangidwa alembedwe m'kaundula, ndipo kaundulayo athe kuonedwa ndi womangidwayo, loya wake, abale ake ndi mabungwe oyang'anira. Kenako pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika n'kusainira mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lamuloli likuti ofesi iliyonse ya boma ikhale ndi munthu woyankha zopempha za anthu, ayankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo akakana apereke chifukwa. Wokanidwa akhoza kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, kenako kukhoti. Polisi ndi ofesi ya boma ngati ina iliyonse, ndipo imayendera misonkho yomwe msodzi amalipira pogula mafuta a injini.

Masiku 15 ndi ambiri kwa mayi wofuna mwana wake lero, ndikuvomereza. N'chifukwa chake zina siziyenera kudikira kalata. Munthu akangolembedwa m'buku, m'bale wake mmodzi yemwe womangidwayo watchula alandire kapepala kapena uthenga wa pa foni wokhala ndi nambala ya OB, tsiku ndi ola, mlandu, dzina la wapolisi womugwira ndi siteshoni yomwe ali. Akamusamutsira ku boma, ku ndende ya Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, uthenga wina upite. Ngati kampani ya foni imatha kutiuza pakati pa usiku kuti bandulo yatha, boma silingalephere kuuza mayi komwe kuli mwana wake. Makhoti ndi malo a poyera kale, choncho mndandanda wa milandu ya sabata ya kwa majisitireti ku Chintheche ndi ku boma uzimatidwa pa khomo, uzitumizidwa kwa alembi a mafumu, ndipo wailesi za m'dera monga ya ku Usisya ziziwerenga masiku a khoti kuti mboni zisamamve mlandu utadutsa. Mwezi uliwonse mkulu wa polisi apereke ku khonsolo ziwerengero zopanda maina: agwidwa angati, angati afika kukhoti m'maola 48, angati atuluka pa belo ya ku polisi, angati amasulidwa opanda mlandu, angati adwala kapena kuvulala ali m'chitokosi. Ogwira ntchito a Legal Aid Bureau, komanso a Paralegal Advisory Service Institute omwe akhala akuyenda m'ndende zathu kuyambira chaka cha 2000, aziona kaundula osachita kupempha ngati akupempha mchere.

Ndipo kwa aneneri a polisi, lamulo likhale limodzi losavuta: mwatchula dzina pomanga, mutchulenso pomaliza, pa tsamba lomwelo ndi mawu aakulu omwewo. Wapezeka wolakwa, nenani. Wamasulidwa, nenaninso, ndipo chithunzi chija muchichotse. Ngati mulibe nthawi yotsatira mlandu mpaka kumathero, ndiye kuti mulibenso chifukwa chotchulira mudzi wa munthu ndi mfumu yake pachiyambi.

Akuluakulu a polisi adzati ndalama palibe, ndipo pa zambiri amakhala akunena zoona. Koma buku lilipo kale, cholembera chilipo kale, ndipo foni yomwe imajambula omangidwa ndi yomweyo ingatumize uthenga kwa abale awo. Chosowa si ndalama. Chosowa ndi wofunsa. Takhala tikuona kaunta ya polisi ngati malo opitako utagwira chipewa m'manja, ndipo mantha amenewo tinawatengera ku nthawi zija ndatchula. Aphungu athu amakumbukira 3 Malichi ndi nkhata za maluwa chaka ndi chaka, koma ndi angati anafunsapo m'Nyumba ya Malamulo kuti m'boma lawo ndi anthu angati omwe apyola maola 48 asanaonekere kukhoti?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makomiti a chitukuko a kwa Malengamzoma, kwa Fukamapiri, kwa Timbiri ndi kwa M'bwana amakhala pansi kukambirana za mijigo ndi milatho. Pa msonkhano ukubwerawu awonjezere mfundo imodzi: mlembi alembe kalata yopita kwa mkulu wa polisi wa boma, yotchula lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, yopempha ziwerengero za miyezi itatu yapitayi ndi maina a oyendera zitokosi a m'dera lawo. Aidinditse poipereka, asunge kope, awerenge masiku 15 ogwira ntchito. Yankho likabwera, aliwerenge pa bwalo anthu onse akumva. Likapanda kubwera, tsiku la 16 kalata yachiwiri ipite ku Malawi Human Rights Commission, ndipo kope lake lifike ku nyuzipepala.